Mwasintha Mapulagi, Galimoto Yakana Kulira

Kuno kunyanja galimoto si yodzionetsera. Ndiyo imathamangitsa chambo kumsika chisanaonongeke, ndiyonso imatengera mayi wodwala kuchipatala pakati pa usiku. Nchifukwa chake zimapweteka bambo akagula mapulagi atsopano, nkuikamo yekha, kenaka galimoto yomwe dzulo imayenda nkukana kulira.

Tisathamangire kuganiza kuti wina watichita chipongwe, pakuti kuganizira mnzathu zoipa popanda umboni Chisilamu chimaletsa. Kawirikawiri vuto limakhala pomwe tagwirapo.

Tiyambe ndi mawaya. Injini ya masilinda anayi siiotcha petulo motsatana 1-2-3-4. Zambiri, monga za Toyota ndi Nissan, zimatsata 1-3-4-2, kuwerenga kuchokera mbali ya lamba wa injini. Tikazula mawaya onse nthawi imodzi nkuwasokoneza, moto umafika m'silinda nthawi yolakwika ndipo injini imangotsokomola kapena kuphulitsa. Nzeru yake ndi kusintha pulagi imodzi, kubwezera waya wake, kenaka kupita pa ina. Galimoto zamakono zili ndi koyilo pa pulagi iliyonse. Tionetsetse kuti soketi ya koyilo iliyonse yalowa bwino.

Kenaka tione mapulagiwo. Nambala yake ikhale yomwe buku la galimotoyo likunena, chimodzimodzinso mpata wa kunsonga kumene moto umadumpha, womwe pa galimoto zambiri umakhala pakati pa mamilimita 0.7 ndi 1.1. Pomanga tiyambe ndi dzanja, sipanala pambuyo. Kumangitsa kumang'alula mbali yoyera ija ndipo moto umathawira pamenepo.

Ngati pulagi yatuluka yonyowa ndi kununkha petulo, ndiye kuti mafuta achuluka m'silinda. Tiumitse mapulagi, tiwabwezere, tiponde moto mpaka pansi ndi kuliza. Tisapitirire masekondi 10 paulendo umodzi, kuopa kutha batire ndi kuotcha sitata.

Pofuna kudziwa ngati moto ukufika, tilumikize pulagi ku waya wake, tiigoneke pachitsulo cha injini kutali ndi petulo, wina alize. Tisaigwire ndi dzanja. Moto wabwino umaoneka wabuluu. Ukapanda kuoneka, vuto likhoza kukhala ku koyilo kapena ku waya umene tinaugunda tikugwira ntchito. Pamenepo tiitane amakaniko. Safunsa adadya phula.

Galimoto ndi chuma chimene Allah watisungitsa. Tikaisamala modekha, Insha Allah, idzatumikira banja ndi mudzi wonse.