Kodi Ndani Ayenera Kulipirira Msewu? Galimoto Zakale ndi Ndalama za Misewu ku Ntcheu

Nthawi iliyonse boma likakweza ndalama zolembetsera galimoto, kusinthira umwini kapena kupimitsa galimoto, eni galimoto zakale ndiwo amayamba kudandaula. Funso lawo limakhala limodzi: ngati tikulipira zonsezi, bwanji misewu ili ndi maenje? Mu nkhani ino ndifotokoza kusiyana kwa ndalama imene munthu amalipira chifukwa chokhala ndi galimoto ndi imene amalipira chifukwa choyenda pamsewu. Zitsanzo zanga ndazitenga m'boma la Ntcheu, kumene ndinakulira. Mfundo yanga ndi yakuti chimene chimawononga msewu ndi kulemera kwa galimoto ndi mtunda umene yayenda, osati zaka zake.

Poyamba tigwirizane za tanthauzo la galimoto yakale. Ku Ulaya ndi ku America kuli anthu amene amasunga galimoto zakale ngati chuma cha mbiri. Amazipukuta, kuzisunga m'galaja ndi kuzitulutsa pa masiku a zionetsero okha. Ku Britain, mwini galimoto imene yapitirira zaka 40 atha kupempha kuti asamalipire msonkho wa galimoto wa pachaka. Maganizo ake ndi akuti galimoto yotereyi siyenda kawirikawiri. Kwathu kuno zinthu nzosiyana. Land Rover yakale, Peugeot 404 kapena Datsun imene yatsala m'midzi ya ku Ntcheu ili pa ntchito. Imanyamula mbatata ya kachewere kuchokera ku Tsangano, kabichi ndi tomato kupita pa msika wa Lizulu, ndipo usiku ndi yomweyo imene imathamangitsira wodwala ku chipatala cha pa boma. Mwini wake sanaisunge chifukwa chokonda zakale, koma chifukwa alibe ndalama yogulira ina.

Tsopano tione ndalama zimene mwini galimoto amalipira. Ndazigawa m'magulu awiri. Gulu loyamba ndi la ndalama zimene sizisintha kaya galimoto yayenda kapena yangokhala pansi pa mtengo. Galimoto ikamalowa m'dziko, bungwe la Malawi Revenue Authority limatolera msonkho, ndipo zaka za galimotoyo ndi kukula kwa injini yake zimawerengeredwa. Kenako mwini wake amapita ku nthambi ya boma yoona za pamsewu ya Directorate of Road Traffic and Safety Services kukailembetsa kuti ipatsidwe nambala, monga zija zoyamba ndi NU zimene ndi za Ntcheu. Palinso ndalama yopimitsa galimoto kuti ipeze chiphaso chimene ambiri amangochitchula kuti COF, kuphatikizapo inshuwalansi. Ntchito yaikulu ya ndalama zolembetsera ndi zopimitsira ndi kusunga kaundula wa galimoto, kudziwa mwini wake ndi kutsimikiza kuti mabuleki, matayala ndi magetsi zili bwino.

Gulu lachiwiri ndi la ndalama zimene zimakula malinga ndi mmene munthu wayendera. Muno ndimo muli gwero lenileni la ndalama za misewu. M'chaka cha 2006 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa malamulo amene anagawa pawiri ntchito ya bungwe lakale la National Roads Authority. Bungwe la Roads Authority linapatsidwa udindo woyang'anira kumanga ndi kukonza misewu, pamene la Roads Fund Administration linapatsidwa udindo wosonkhanitsa ndi kusunga ndalama zake. Thumba limeneli limadalira kwambiri msonkho umene umaikidwa pa lita iliyonse ya petulo ndi dizilo. Limalandiranso ndalama zimene galimoto zakunja zimalipira podutsa m'dziko muno ndi zimene zimatoleredwa pa zipata za pamsewu. Choncho munthu wothira mafuta pa Ntcheu boma walipira kale gawo lake la msewu, ngakhale sapatsidwa lisiti yolembedwa choncho.

Chipata choyamba cholipirirapo m'dziko muno chinatsegulidwa pa Chingeni, m'boma lomweli la Ntcheu, mu Novembala 2021, pamsewu wa M1 wolumikiza Blantyre ndi Lilongwe. Chachiwiri chinatsegulidwa pa Kalinyeke ku Dedza kumayambiriro kwa 2022. Poyamba galimoto yaing'ono inkalipira K1,700 ndipo minibasi inkalipira K3,400. Oyendetsa galimoto, makamaka a minibasi, atadandaula, boma linatsitsa mitengoyi mu 2022 kufika pa K1,000 ndi K2,000. Chofunika kuchiona apa nchakuti pa chipata safunsa chaka chimene galimoto inapangidwa. Amayang'ana mtundu ndi kukula kwake basi. Land Rover ya m'ma 1970 ndi galimoto yatsopano ya msinkhu womwewo zimalipira mofanana, pamene thiraki yaikulu imalipira zambiri.

Nchifukwa chiyani kulemera kuli kofunika chotere? Pakati pa 1958 ndi 1960 akatswiri a misewu ku America anachita kafukufuku wotchuka pafupi ndi tauni ya Ottawa m'chigawo cha Illinois. Anayendetsa galimoto zolemera mosiyanasiyana pa misewu yoyeserera mpaka misewuyo inawonongeka. Anapeza kuti chimene chimaphwanya msewu ndi katundu amene wagwera pa ekiselo iliyonse, chitsulo chija cholumikiza matayala a mbali ziwiri. Kulemerako kukawirikiza kawiri, kuwonongeka kwa msewu kumawirikiza pafupifupi ka 16. Tiyerekeze kuti ekiselo ya pikapu yakale yasenza tani imodzi, ndipo ya thiraki yasenza matani 8. Mwa kawerengedwe kameneka, ekiselo ya thirakiyo ikadutsa kamodzi imawononga msewu ngati ekiselo ya pikapu itadutsa maulendo oposa 4,000. Ichi nchifukwa chake boma limaika masikelo oyezera mathiraki m'malire a dziko ndi m'malo ngati Balaka.

Tikaona zimenezi, kukweza ndalama yolembetsera ndi cholinga chopezera ndalama za msewu kuli ndi vuto la chilungamo. Ndalama yokhazikika siisiyanitsa munthu woyenda tsiku ndi tsiku pakati pa Blantyre ndi Lilongwe ndi mlimi wa ku Kandeu amene amatulutsa galimoto yake pa nyengo yokolola yokha. Onse amalipira chimodzimodzi, koma mlimiyo akagawa ndalamayo ndi makilomita ochepa amene wayenda, amapezeka kuti kilomita iliyonse yamudyera zambiri. Kuwonjezera apo, mtengo wa galimoto yakale ndi wotsika, kotero ndalama yomweyo ndi gawo lalikulu la chuma chake. Mtolo ukalemera kwambiri, ena amangosiya kulembetsa kusintha kwa umwini, ena amayenda mozemba apolisi m'njira za kumidzi opanda COF. Zikatero boma lataya ndalama, kaundula wasokonekera, ndipo apaulendo akwera galimoto imene palibe waipima.

Komabe boma nalo lili ndi zifukwa zake zomveka. Kwacha inatsika mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, ndipo inatsikanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Phula, makina ndi zipangizo zambiri zomangira msewu zimagulidwa kunja ndi ndalama zakunja. Makadi a ziphaso ndi makompyuta osungira kaundula nazonso zimafuna ndalama. Mtengo umene unaikidwa zaka zingapo zapitazo sungagule zimene unkagula pa nthawiyo. Namondwe wa Ana mu 2022 ndi wa Freddy mu 2023 anakokolola milatho ndi misewu yambiri, makamaka m'chigawo cha kummwera, ndipo zonsezo zimayang'ana thumba lomwelo. Nzoonanso kuti galimoto yakale yosasamalidwa imatulutsa utsi wambiri ndipo ingathe kuchititsa ngozi. Koma mankhwala a vuto limeneli ndi kupima galimoto moona mtima. Kukweza mtengo wa pepala sikukonza mabuleki.

Akuluakulu anati walira mvula walira matope. Aliyense wofuna msewu wabwino ayenera kuvomera kusonkha, ndipo eni galimoto zakale sangapatulidwe. Chimene ndikuona kuti nchoyenera ndi ichi: ndalama yolembetsera ndi yopimitsira ikhale yongokwanira kuyendetsera ntchito zimenezo, kuti munthu aliyense athe kukhala m'kaundula. Ndalama ya msewu ichokere pa mafuta, pa zipata ndi pa zilango za mathiraki onyamula katundu wopyola muyeso, chifukwa njira zimenezi zimatsata kayendedwe ndi kulemera. Ndalama zotoleredwazo zifike msanga ku thumba la misewu, ndipo anthu aziuzidwa poyera kuti zakonza msewu uti.

Pomaliza, nkhaniyi ikukhudza ngakhale amene alibe galimoto. Msewu wochokera ku Tsangano kupita ku Neno ndi Mwanza wakhala ukumangidwa kwa zaka zambiri, ndipo m'misewu yafumbi ya kumapiri ngati imeneyi ndi galimoto zolimba zakale zimene zimalimba mtima kulowamo nthawi ya dzinja. Zikachoka pamsewu chifukwa cha kukwera kwa ndalama za mapepala, mtengo wonyamulira thumba la mbatata udzakwera, ndipo adzaulipire ndi mlimi pamodzi ndi wogula wa ku Limbe kapena ku Lilongwe. Tsono pokambirana za kukweza ndalamazi, funso loyenera kufunsa ndi lakuti galimotoyo imalemera bwanji, imayenda mtunda wotani, ndipo ndalama imene yaperekedwa yakathera pa msewu uti.