Petulo Wochokera ku Malasha

Ku Secunda, m'dziko la South Africa, kampani ya Sasol imapanga petulo ndi dizilo popanda chitsime cha mafuta. Imagwiritsa ntchito malasha okumba pansi. Malashawo amawatenthetsa kwambiri pamodzi ndi nthunzi ndi okosijeni mpaka asanduke gasi, kenako gasiyo amamusandutsa mafuta. Njirayi anaitulukira akatswiri a ku Germany, Franz Fischer ndi Hans Tropsch, m'zaka za m'ma 1920.

Boma lakale la tsankho la ku South Africa linaikakamira zedi njirayi poona kuti mayiko ambiri ankakana kuligulitsa mafuta.

Chodetsa nkhawa n'chakuti fakitale ya Sasol ya ku Secunda ili m'gulu la malo otulutsa mpweya wochuluka kwambiri wotenthetsa dziko, ndipo anthu a ku eMbalenhle, pafupi pomwepo, amapuma utsi wake tsiku ndi tsiku.