Anthu oweta mavu

Ukagula nzimbe pamsika mu Kabwe n'kupeza mkati mwafiira, muli kamphako kodzaza utuchi, dziwa kuti kapuchi anadya kale. Mbozi imeneyi ikangoboola phesi, mankhwala opopera saipezanso. Apa mpamene pamayambira ntchito ya anthu oweta mavu.

Si mavu aja oluma a pakhonde ayi. Awa ndi timavu tochepa ngati nyerere, totchedwa Cotesia flavipes, tochokera ku Asia. Kakakazi kamalowa mumphako muja n'kuikira mazira pafupifupi 40 m'thupi la mboziyo. Ana akaswa amaidya mkati, kenako amatuluka n'kuluka tizikwa toyera ngati thonje. Bungwe la ICIPE la ku Nairobi linatimwaza ku Kenya mu 1993, ndipo pambuyo pake tinafika ku Zambia, Malawi ndi Mozambique kudzalimbana ndi kapuchi wa chimanga. Kwa alimi a chimanga ozungulira Kabwe, nkhaniyi ndi yawonso, osati ya ku minda ya nzimbe ya Nakambala ku Mazabuka kokha.

Oyamba m'ntchitoyi ndi oyendera minda. Amalawirira mame asanakamuke, chikwanje m'manja, kung'amba mapesi ndi kulemba mfundo zingati zabooledwa. Masamba a nzimbe amacheka mikono, koma popanda kawerengedwe kawo palibe angadziwe munda wofunika thandizo.

Amene ndimawagomera kwambiri ndi a m'nyumba zowetera. Kuti mavu akhalepo, ayenera kuyamba aweta mdani weniweniyo: kuphikira mbozi chakudya, kutsuka mabotolo, kuyang'anira kutentha kwa chipinda usana ndi usiku. Nkhungu ikalowa kapena magetsi akazima nthawi yaitali, khama la milungu ingapo lapita. Mbozi zikakula amazitola imodziimodzi n'kuzipereka kwa mavu kuti aziikire mazira. Ku Brazil anthu otere amagwira m'mafakitale enieni, ndipo mavu awo amamwazidwa pa mahekitala oposa 3 miliyoni a nzimbe.

Omwaza nawo amathamangitsana ndi nthawi, chifukwa kavu kakakulu kamangokhala masiku ochepa.

Chopweteka n'chakuti ntchito yonseyi ingafe m'mawa umodzi. Mlimi akaona ntchemberezandonda, zomwe zinabuka m'Zambia kumapeto kwa 2016, amapopera munda wonse, timavu n'kufera limodzi, kapuchi ali phee m'phesi. N'chifukwa chake mlangizi amayenera kugwada m'mizere ndi mlimiyo, kumuonetsa tizikwa toyera tija kuti asatiyese matenda.