Chimkuzamawu Chikamang'ung'udza

Chimkuzamawu cha kusukulu kapena kumzikiti chikayamba kulira "huuu" pansi pa mawu, tisathamangire kugula china. Kawirikawiri vuto limakhala kapasita. Magetsi a ESCOM amasinthasintha maulendo 50 pa sekondi, ndipo akawongoledwa, kapasita ndiyo imawasalaza kuti aziyenda mosadukiza. M'kati mwake muli timadzi tomwe timauma ndi kutentha. Kutentha kukakwera ndi madigiri 10, moyo wake umachepa pafupifupi ndi theka. N'chifukwa chake kuno ku Mangochi imatha msanga. Ikatha, nthawi zambiri imatupa pamwamba kapena kuchucha.

Ana athu, musaigwire! Imasunga magetsi ngakhale titazula pulagi. Tiitane mmisiri aikemo ina ya manambala ofanana, ndipo chimkuzamawucho tizichiika popita mphepo.