Mankhwala Ochiza Galu Ndiwo Akupha Mphaka

Pa ziweto zonse zimene munthu amagona nazo pansi pa denga limodzi, palibe chimene chimakonda ukhondo koposa mphaka, pakuti iye akadya amadzinyambita, akadzuka amadzinyambita, ndipo ngakhale mwamsisita ndi dzanja losamba, amatembenuka nakatsuka ndi lilime malo amene mwamkhudzawo. Khalidwe limeneli, limene tonse timaliyamikira, ndilo limamtsegulira khomo la tsoka tsiku limene mbuye wake, atagwidwa chifundo pomuona akudzikanda usana ndi usiku, atenga mankhwala a nthata ndi nkhupakupa namthira pamsana. Chifukwa chimene chagwa paubweya wa mphaka chimalowa m'thupi mwake ndi njira ziwiri, china kudzera pakhungu, china kudzera pakamwa.

Mwini mphaka amene afuna kuthana ndi nthata sanalakwe konse. Nthata yaikazi imodzi ikhoza kuikira mazira okwana 50 pa tsiku, ndipo mazirawo amagwera pamphasa, pachiguduli ndi m'ming'alu ya pansi, kotero kuti nthata zimene mukuziona pachiweto ndi zochepa poyerekeza ndi zimene zikudikira kuswa m'nyumbamo. Kamwana ka mphaka kodzala nthata kamatha magazi mpaka kufa, ndipo mphaka wamkulu akameza nthata podzinyambita amatenga njoka zam'mimba. Chifundocho n'choyenera. Chimene chimasowa ndi kudziwa kuti mphaka si galu wamng'ono.

M'chaka cha 1973 katswiri wina wa ku England, Michael Elliott, pamodzi ndi anzake a pamalo ochitira kafukufuku a Rothamsted, analengeza mankhwala atsopano ophera tizilombo otchedwa permethrin, amene anawapanga potsanzira mphamvu yopezeka m'maluwa a pyrethrum, maluwa oyera aja olimidwa m'mapiri a Kenya ndi Tanzania. Mankhwalawa amasokoneza mitsempha ya kachilombo kuti igwire ntchito mosalekeza kufikira kachilomboko katafa, pamene munthu ndi galu savulala nawo kwenikweni, popeza chiwindi chawo chimawaphwanya msanga ndi kuwatulutsa. Koma mphaka, amene makolo ake kuyambira kalekale anali odya nyama yokhayokha ndipo sanazolowere ululu wa m'masamba ndi m'mizu, ali ndi chiwindi chofooka pa ntchito imeneyi. Ndipo chifukwa chake mankhwala amene galu amawasenza mopanda vuto amatsalira m'thupi la mphaka, nafika ku ubongo ndi ku mitsempha, namchita zomwe zija amachita nthata. Ndiye taganizani kuti timachubu tina todonthezera agalu pakhosi tili ndi permethrin wochuluka magawo 45 mpaka 65 pa 100 aliwonse. Madontho owerengeka chabe akwanira.

Amene anaonapo mphaka wotere saiwala. Poyamba makutu amagwedera okha, ndevu zimanjenjemera, khungu la pamsana limachita tsemwe losatha. Kenaka amayenda dzandidzandi, akukutumula miyendo ngati waponda madzi, dovu lili chuchuchu, maso ali tong'o. Pamapeto pake amagwa chammbali naphupha ngati wakhunyu, thupi litatentha, ndipo kaphokoso kakang'ono, ngakhale kutseka chitseko, kamadzutsanso kuphuphako. Zimenezi zimayamba patapita maola ochepa, koma nthawi zina zimachedwa kufikira tsiku lachitatu, mwini ataiwala kale zimene anachita, nayamba kukayikira mnansi wake kuti wamthirira tameki.

Bungwe la ku London lolangiza madokotala a ziweto pa nkhani za poizoni, Veterinary Poisons Information Service, linasanthula nkhani za amphaka 286 amene anakhudzidwa ndi mankhwala odontheza a permethrin, ndipo zotsatira zake, zimene zinasindikizidwa m'chaka cha 2007, zinaonetsa kuti pafupifupi onse anadwala, ndi kuti mmodzi mwa khumi aliwonse anafa kapena anachita kuphedwa pofuna kumpumuza ku zowawa. Ku Australia nako, madokotala a ziweto atafunsidwa, anawerenga amphaka 750 odwala motere m'zaka ziwiri zokha, ndipo 166 mwa iwo anafa. Chomvetsa chisoni m'nkhani zimenezi ndi chakuti eni ake ambiri anali anthu okonda ziweto zawo: wina anasokoneza timapaketi tofanana maonekedwe, wina anaganiza zosunga ndalama pogawira mphaka kadontho kotsala kwa galu, ndipo winanso sanamthire mphaka kalikonse, koma mphakayo anakagona pambali pa galu wothiridwa kumene namnyambita pakhosi monga amachitira abwenzi. N'chifukwa chake akatswiri amalangiza kuti galu wothiridwa permethrin apatulidwe kwa mphaka masiku atatu athunthu.

Kwathu kuno timachubu timeneti sitinafale kwambiri kunja kwa mizinda, koma msampha womwewo ulipo, wangovala malaya ena. Pakhomo pamene pali ng'ombe kapena mbuzi sipasowa kabotolo ka dibi, ndipo n'kosavuta kuti munthu, ataona mphamvu yake pa nkhupakupa za ng'ombe, asungunuleko pang'ono m'beseni namizamo mphaka. Komatu amitraz, amene ali m'mankhwala ambiri a dibi, ndi woopsa kwa mphaka, amamfoola, amamziziritsa thupi ndi kuchedwetsa mtima wake. Chimodzimodzinso ufa wotetezera chimanga kwa anankafumbwe: Actellic Super ali ndi permethrin wochepa ndithu, koma wosakanizidwa ndi mankhwala ena amphamvu otchedwa pirimiphos-methyl, ndipo kumwaza ufa umenewu paubweya wa chiweto chodzinyambita ndi kumudyetsa ndi dzanja lanu lomwe. Pali cholakwa chinanso chimene chimatsatira choyambacho, ndicho kumwetsa mphaka wodwalayo Panado. Pakuti chiwindi chomwe chija chimalepheranso paracetamol, ndipo mbulu umodzi wokha ukhoza kupha mphaka wamkulu. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Pano wodya phulayo ndi mphaka, amene sanafunsidwe n'komwe. (Za neti za udzudzu munthu asade nkhawa, ngakhale zina zili ndi permethrin, popeza ndi wochepa ndipo ali m'kati mwa ulusi, malungo ndiwo mdani wamkulu, neti zisachotsedwe chifukwa cha mphaka.)

Nanga mankhwala opangidwira amphaka enieniwo, kodi alibe banga? Ku America nkhani imeneyi yakhala ikuutsa mapiri pachigwa. Bungwe la boma loona za chilengedwe, EPA, linalandira madandaulo oposa 44,000 m'chaka cha 2008 okhudza mankhwala odontheza pa agalu ndi amphaka, ndipo mu 2010 linalamula kuti malembo a pamapaketi amveke bwino, makamaka posiyanitsa za galu ndi za mphaka. Mu 2018 bungwe la boma loona za zakudya ndi mankhwala, FDA, linachenjeza kuti mankhwala a gulu la isoxazoline, monga Bravecto, akhoza kuyambitsa kunjenjemera ndi kuphupha pa ziweto zina, koma silinawaletse. Mu 2021 kunabuka mkokomo wa makolala ophera nthata a Seresto, manyuzipepala atalemba za malipoti a ziweto pafupifupi 1,700 zimene zinafa zitavala kolalayo. EPA itafufuza, mu 2023 inalola kuti apitirire kugulitsidwa, koma ndi machenjezo owonjezera. Ine ndiona kuti nkhani izi, ngakhale zili zoyenera kuzimva, siziyenera kuikidwa pa muyeso umodzi ndi ya permethrin, pakuti lipoti lakuti chiweto chinafa chitavala kolala silitsimikiza kuti kolalayo ndiye anapha, ndiponso ziweto zothiridwa mankhwala otere n'zosawerengeka, zambiri mwa izo osaona vuto. Pamene mankhwala a galu pa mphaka ndi ngozi yodziwika, yobwerezabwereza, imene siyembekeza mkangano wa akatswiri.

Tsoka likagwa, changu ndicho chipulumutso, popeza permethrin alibe mankhwala omusukulutsa m'thupi. Ngati mphaka sanayambe kuphupha, msambitseni ndi madzi ofunda pang'ono ndi sopo wamadzi wotsukira mbale, mubwereze kawiri kapena katatu pamalo pothiridwapo, ndipo mumpukute aume. Madzi otentha ayi, chifukwa amafulumizitsa mankhwala kulowa pakhungu. Ngati wayamba kale kuphupha, musamuike m'madzi, ndipo musamkakamize mkaka kapena mafuta ophikira pakamwa, pakuti angatsamwe nazo. Mkulungeni m'nsalu, mupite naye kwa dokotala wa ziweto, mutatenga paketi kapena botolo la mankhwalawo. Kumeneko amampatsa mankhwala ofewetsa minofu ndi oletsa kuphupha, monga methocarbamol ndi diazepam, pamodzi ndi diripi, ndipo amphaka ambiri ofika msanga amachira patapita masiku awiri kapena atatu. A ku Lilongwe ndi ku Blantyre ali ndi mabungwe osamalira nyama a LSPCA ndi BSPCA. A kumudzi ayambire kwa mlangizi wa ziweto.

Pogula, paketi ikhale yonena poyera kuti ndi ya mphaka, ndipo muyeso ulingane ndi kulemera kwake. Dontho ligwe pakhungu la pankhongo, pamene lilime silifika, ndipo amphaka awiri othiridwa tsiku limodzi asiyanitsidwe kufikira atauma. Oweta akalulu adziwenso kuti fipronil, amene ali mu Frontline ndipo mphaka amamulandira bwino, amapha kalulu. Tiana ta mphaka tosakwana masabata 8, timene mankhwala ambiri odontheza satilola, tipesedwe ndi chipeso cha mano othinana tsiku ndi tsiku, nthata zogwidwazo zikuponyedwa m'madzi a sopo, ndipo chiguduli chimene timagonapo chichapidwe ndi madzi otentha ndi kuyanikidwa padzuwa sabata iliyonse.