Akati abwereze kudula kamnofu, musathawe

Ife a m'minda ya maluwa ku Thika, ya khofi ku Ruiru ndi ya tiyi ku Limuru, mawu akuti biopsy timayamba kuwamva tili kale pa benchi la chipatala. Tanthauzo lake n'lakuti adokotala achotsa kachidutswa ka mnofu pa chotupa n'kukatumiza ku labotale. Sikani imangoonetsa kuti chotupa chilipo. Dzina la matendawo limapezeka pa kamnofuko.

Kawirikawiri amayamba ndi singano yopyapyala. Satenga nthawi, tsiku lomwelo munthu wakwera matatu kubwerera kumunda. Koma singanoyo imatha kuphonya, kapena kukoka magazi okhaokha, ndiye pepala limabwera likuti zomwe anatenga sizinakwane. Apa ndi pomwe tikutayira anthu athu. Wina amati basi ndilibe kanthu, wina amati akungofuna ndalama awa, wina ulendo kwa asing'anga. Ayi abale, pepala lotere silikunena kuti muli bwino. Likunena kuti sanaone. Ulendo wachiwiri amagwiritsa singano yaikulupo, kapena amabaya jakisoni wadzanzi n'kuchotsa mwanabere yense, ndipo mwina akutumizani ku Kenyatta National Hospital mu Nairobi.

Tengani mwanabere wa m'khosi amene sakuphwa. Atha kukhala TB, atha kukhala khansa. Pokhudza ndi chala n'chimodzimodzi, koma mankhwala ake ndi osiyana kutalitali. A TB ndi aulere m'zipatala za boma muno m'Kenya, miyezi isanu ndi umodzi. Nanga adokotala akupatsani ati osadziwa dzina?

Timamvanso zoti mpeni ukangokhudza khansa imabalalika thupi lonse. Zimenezi zimachitika mwa apo ndi apo kwambiri. Chomwe timachiona ife ndi munthu kusunga chotupa chaka chathunthu, n'kukafika mochedwa, anthu n'kumanamizira mpeni.

Chinanso n'chakuntchito, poti ambiri sathawa singano, amaopa kapitawo. Lamulo la ntchito la Kenya la 2007, gawo 30, limati mukagwira miyezi iwiri yotsatizana muli ndi masiku 7 odwala a malipiro athunthu ndi ena 7 a theka pa chaka, bola kalata ya adokotala. Ndi ochepa, inde. Tsiku loonana ndi adokotala, tsiku lodula, tsiku lotenga zotsatira, atatu apita kale. Choncho ulendo uliwonse pemphani kalata musanatuluke pageti, ndipo funsani oimira KPAWU ngati mgwirizano wa pa famu yanu ukuwonjezerapo masiku. Aganyu, amene kuno amati vibarua, tiziwasonkhera ya matatu. Za SHA, yomwe inalowa m'malo mwa NHIF mu Okutobala 2024, kafunseni msanga muli ndi pasipoti ndi chilolezo m'manja, osadikira tsiku lodula.

Zotsatira zimatha kutenga masabata. Lembani nambala ya ku labotale, muijambulenso pa foni, ndipo tsiku lokazitenga pitani ndi mbale wodziwa Chiswahili kapena Chingerezi. Ngati mwaganiza zobwerera kumudzi, kukapitiriza ku Kamuzu Central kapena ku Queen Elizabeth, nyamulani lipoti lonse. Kamnofu kaja sataya, amakaumitsa m'phula n'kusunga. Pemphani ngati angakupatseni pamodzi ndi timagalasi take, kuti ku Lilongwe kapena ku Blantyre asakakuduleninso kachitatu.