Masiku Atatu ku Roma: Zoti Mlendo Adziŵe

Mzinda wa Roma, likulu la dziko la Italy, uli ndi matchalitchi oposa 900. Munthu amene wapatsidwa masiku atatu okha, kaya wapitira msonkhano kaya ulendo wa mapemphero, sangathe kuwaona onse. Makolo athu adati ichi chakoma ichi chakoma, pusi adagwa chagada. Nchifukwa chake ife tikuti musankhe malo oŵerengeka, ndipo muyambire pa manda a Petulo Woyera, pakuti kwa mkhristu mzinda wonsewo umamveka bwino mukayambira pamenepo.

Tsiku loyamba mulaŵirire ku Vatican. Tchalitchi cha San Pietro chimatsekulidwa 7 koloko m'maŵa, ndipo kuloŵamo nkwaulere. Koma aliyense amayamba wadzera kwa apolisi oyang'ana katundu, ndipo dzuŵa likakwera mzere wake umatalika mpaka kuzungulira bwalo. Mapewa ndi maondo zikhale zofunditsidwa. Wovala kabudula amabwezedwa pakhomo ngakhale wachokera kutali bwanji. Mukaloŵa, kudzanja lamanja kuli Pietà, chosema cha Michelangelo cha Amayi Maria atanyamula mtembo wa Mwana wao. Chimaonedwa kuseri kwa galasi kuyambira pamene munthu wina adachiswa ndi hamala m'chaka cha 1972. Pafupi pomwepo pali manda a Papa John Paul II, amene adadzacheza kuno ku Malaŵi m'chaka cha 1989.

Kodi tchalitchi chimenechi chidamangidwiranji pamalo pamenepa? Pambali pa phiri la Vatican padali bwalo la maseŵero la Mfumu Nero. Moto utatentha mzinda m'chaka cha 64, iye adanamizira akhristu naŵapha pabwalo limenelo, ndipo mwambo wa Eklezia umati Petulo adapachikidwa pomwepo, naikidwa m'manda a pafupi. Chipilala chachitali cha mwala chimene chili pakati pa bwalo la San Pietro lero chidachokera ku Ejipito, ndipo chidaimapo m'bwalo la Nero lija asanachisunthe m'chaka cha 1586. Mfumu Constantine idamanga tchalitchi choyamba pamwamba pa mandawo. Chimene tikuchiona lero chidayambidwa mu 1506 ndi kudalitsidwa mu 1626. Akatswiri adakumba pansi pake kuyambira 1940, napeza msewu wa manda akalekale wofika pansi penipeni pa guwa lalikulu. Malo ameneŵa amatchedwa Scavi. Amaloŵetsamo anthu pang'onopang'ono, m'timagulu tating'ono, choncho muyenera kupempha malo kudakali miyezi. Ife tikuona kuti ola limodzi la m'menemo limapambana zambiri zimene alendo amathamangira.

Ofuna kukwera pamwamba pa denga adziŵe kuti makwerero ake ndi 551, kapena 320 mukayamba ndi chikepe, ndipo kumapeto njira yake ndi yopanikiza. Odwala mtima ndi maondo angochileka. Nyumba zosungiramo zakale za Vatican, m'mene muli Cappella Sistina yosankhiramo Apapa, zili ndi khomo lakelake kuseri kwa mpanda. Gulanitu tikiti pa intaneti. Lamulungu zimakhala zotseka, kupatula Lamulungu lomaliza la mwezi pamene kuloŵa nkwaulere, koma khamu la tsikulo ndi losaneneka.

Nanga Apapa? Akakhala mu mzinda, Lachitatu m'maŵa amakumana ndi anthu onse, ndipo Lamulungu masana 12 koloko amatsogolera pemphero la Angelus. Tikiti ya Lachitatu imaperekedwa ulere ndi ofesi ya nyumba ya Apapa. Wokugulitsani mumsewu akukuberani. Mwezi wa July msonkhano wa Lachitatu kaŵirikaŵiri sukhalapo.

Tsiku lachiŵiri mupite ku San Giovanni in Laterano. Apa akatekisiti amvetsetse: ambiri amayesa kuti mpando wa Papa monga Episkopi wa Roma uli ku San Pietro, koma uli ku Laterano kuno. Ndicho chifukwa chake Eklezia yonse imakumbukira kudalitsidwa kwa tchalitchi chimenechi pa 9 November. Kutsidya kwa msewu kuli Scala Santa, makwerero 28 amene mwambo umati ndi a ku nyumba ya Pilato, ndipo anthu amaŵakwera chogwada. Kuchokera apo mutsate msewu wa Via Merulana, mphindi ngati 20 pansi, mukafike ku Santa Maria Maggiore, kumene Papa Francis adaikidwa mu April 2025. Musadabwe kupeza Khomo Loyera la matchalitchi ameneŵa lili lotseka: limatsekulidwa m'Chaka Choyera chokha, monga mu 1975, 2000 ndi 2025. Madzulo mukhoza kukaona Colosseo, bwalo lalikulu lotsekulidwa m'chaka cha 80, lokwana anthu ngati 50,000. Njira ya Mtanda ya Lachisanu Loyera imachitikira pamenepo. Tikiti yake imakuloŵetsaninso ku mabwinja a Foro Romano.

Tsiku lachitatu mutuluke kunja kwa malinga akale. Pa msewu wa Via Appia Antica pali manda a pansi pa nthaka a San Callisto, a njira zotalika makilomita ngati 20, m'mene mudaikidwa Apapa 16. Enafe tidakula tikumva kuti akhristu ankakhala m'menemo pobisala. Ayi, adali manda, popeza lamulo la Aroma linkaletsa kuika maliro m'kati mwa mzinda. Ankapitako kukaika abale ao ndi kukapemphera pa manda a ofera chikhulupiriro. Mumaloŵa ndi wotsogolera, pansipo mpozizira, ndipo Lachitatu amatseka. Potsiriza mukagwade pa manda a Paulo Woyera ku San Paolo fuori le Mura, kumene sitima ya pansi pa nthaka ya mzere B imafika. Tchalitchicho chidapsa mu 1823 nkumangidwanso, ndipo m'mwamba mwa makoma ake muli zithunzi za Apapa onse motsatana kuyambira Petulo.

Zotsalazi nzazing'ono, koma zimasautsa osazidziŵa. Misewu yambiri ndi ya timiyala takuda, choncho nsapato zatsopano zisiyeni kunyumba. Madzi musagule: m'misewu muli mipopi yachitsulo yotchedwa nasoni, yotuluka madzi abwino usana ndi usiku, mukatseka kukamwa kwake ndi chala, madzi amatumphuka pa kabowo ka pamwamba kuti mumwe. Matchalitchi ang'onoang'ono ambiri amatseka masana. Tikiti ya basi yapepala muidinditse pa makina mukangokwera, apo ayi mulipira chindapusa. Ndipo m'basi nambala 64, yochokera ku siteshoni ya Termini kupita ku Vatican, pasipoti ndi ndalama zikhale m'kati mwa zovala, chifukwa opisa m'matumba amaikonda basi imeneyi monga momwe alendo amaikondera.